Kompyuta nambala seveni

Lachiwiri ndimatsegula chipinda cham'mwamba
m'laibulale ya ku Walworth.
Makompyuta khumi ndi awiri, atatu anafa kalekale,
hita ikutsokomola pakona.
Panja kamvula ka ku London kaja,
kosagwa kwenikweni, kongonyowetsa mapewa.

Bambo Pettifer amafika ndisanavule jekete.
Zaka makumi anayi akhala kunsi kwa mabasi ofiira,
zikhatho ngati mafosholo,
koma mbeŵa ya kompyuta amaigwira
ngati dzira lobwereka.
Chingerezi anayamwira kubere,
liwu lililonse pagalasipo akulimva,
koma kamuvi kamawazemba,
kukabisala m'mphepete, iwo n'kumatukwana chamumtima.
Pomwe panali banki yawo pano akumetapo tsitsi.
Kuchipatala sayankha foni, akuti lembani pa intaneti.
"Ndinabadwira mumsewu uno," amatero,
"lero makina akufunsa ngati ndine munthu.
Akuti ndiloze zithunzi zomwe muli basi.
Ine! Basi!"

Mayi Herminia amabwera mochedwa, akununkha bulichi,
atakolopa maofesi asanu tambala wa kuno asanalire,
ngati alipo n'komwe.
Chala chawo pafoni ndi mphezi.
Adzukulu a ku Loja amawaona akutsuka mano,
amawakalipira m'Chisipanishi chothamanga ngati matalala pamalata,
mpaka deta kutha mwezi uli pakati.
Fomu ya nyumba ili m'Chingerezi cha maloya,
masamba naini, ndipo pakhomo penipeni yawakana:
dzina lanu ndi lolakwika.

Peñafiel.
Kanyongolotsi kali pamutu pa n ndiko kalakwa.
Ndinatenga pensulo n'kulemba langa pansi pa lawo:
Mbeŵe, ndi kadenga kake,
kamene ndinakasiya pabwalo la ndege
tsiku lomwe ndinafika, palibe anandifunsa.
Anayang'ana kadengako, anayang'ana ine,
n'kugwira pamutu pawo ngati mphepo yawalanda duku.
Tinafufuta kanyongolotsi. Fomu inatsegula chitseko.

Sabata yatha intaneti inadwala,
nambala seveni yokha ndiyo inkapuma.
Mipando ndinaigundanitsa, ndilibe nzeru ina.
Bambo Pettifer anavala magalasi
n'kuyamba kuwerenga mokweza, liwu limodzilimodzi,
ngati kukweza mawu kumamasulira.
Pofika pa mawu oti lendi anatikita zala ziwiri.
Pofika pa mawu oti chinyezi analoza khoma
n'kudzigwira pachifuwa.
Mayi aja anagwedeza mutu: eya, chimenecho,
dinani, dinani, kamuvi kakuwamvera ngati galu wawo.
Kenaka anasinthana.
Zithunzi zija zitabwera, Herminia anadina zinayi.
"Iyo si basi," anatero mkuluyo, "ndi kochi, onani magudumu."
Makina anavomereza za Herminia.
Mkuluyo anapukusa mutu mpaka pano.

Ine ndinaima kumbuyo, manja m'thumba,
wachitatu, wa chinenero chomwe makinawa
amachidula mzere wofiira pansi pa liwu lililonse.
Sanandifune kwa mphindi makumi anayi.
Ndinapita kukamenya pulinta.

Ola likatha kompyuta imaiwala zonse,
ndi lamulo la laibulale.
Inazima ali patsamba lachisanu ndi chiwiri.
Herminia ananena liwu lomwe sindinaphunzire,
Bambo Pettifer anaseka, poti limenelo analimva.
Analemba pasiwedi pakhungu la dzanja lawo lamanzere
ndi bolopeni yanga, imene sanabweze,
ine ndikudziwa kuti mawa m'bandakucha
bulichi aidya isanakwane sikisi koloko.

Anatsika masitepe limodzi, pang'onopang'ono chifukwa cha bondo la mkuluyo,
aliyense akuyankhula chake.
Ndinazimitsa hita.
M'buku la olembetsa, pa Lachiwiri likudzali,
nambala seveni yatengedwa kale:
maina awiri pamzere umodzi,
ndipo pamutu pa n, ndi dzanja lolemera la makaniko,
wina wabwezerapo kanyongolotsi.